Tsiku Limene Ndinanyambita Mars

Sekani, a Jumbe, sekani mpaka mano otsalawo agwere m'bawomo, koma mukatha kuseka mundiuze ngati pa Chinamwali pano alipo munthu wina amene analawapo dziko lina asanadye chakudya chamadzulo. Inu munatha zaka mukuphunzitsa ana kuti Mars ndi kadontho kofiira pa bolodi, ine ndinamuika pa lilime. Ili, taonani, yandikirani, musachite manyazi. Amene akukayika aike nkhomo zakezo pansi amve, chifukwa nkhani iyi sindiikamba kawiri tsiku limodzi.

Ine ntchito ndinayambira konkuno ku Zomba, ku ofesi ya akatswiri a miyala, ngati wonyamula matumba. Sukulu ndinalekeza panjira, zimenezo sindibisa. Akatswiri aja anali ndi chizolowezi chonyambita mwala kuti unyowe, aone bwino maonekedwe ake. Iwo ankangonyowetsa basi, koma ine nditayesa tsiku lina ndinapeza kuti mwala uliwonse uli ndi kakomedwe kake: mkuwa umawawa ngati ndulu ya chambo, njereza imakakamira m'kamwa ngati nthochi yosapsa, malasha amanunkhira nkhalango imene inafa anthu asanalengedwe, pomwe golide sakoma chilichonse, amangoti zii ngati moni wa munthu wolemera. Pasanathe chaka ndinali nditafika poti mukandimanga m'maso n'kundipatsa kamwala, ndinkakuuzani dzina lake, phiri limene kanachokera, mbali ya phirilo, ndiponso ngati amene anakatola anasamba m'manja. Mukumva?

Pa ofesipo panali a Dokotala Nyirenda, mayi wa ku Rumphi, wamfupi, woyenda ngati akuthamangira basi yomaliza. Matipate atangoyamba kumene, iwowa anapeza ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Nairobi, ndipo tsiku lotsanzika anandiitana nati, "A Kachingwe, ine popanda lilime lanulo sindikagwira ntchito. Kauzeni mayi amange katundu." Umu ndi mmene ine, mkazi wanga malemu Nabanda, ndi ana athu awiri tinakwerera ndege koyamba.

Aa, Nairobi ya masiku amenewo! Labotale yathu inali ku Gigiri, mumpanda waukulu woti mesenjala wina anatumidwa kalata ali mnyamata n'kukafika ku ofesi inayo ali ndi zidzukulu. Nyumba tinapeza ku Rongai, mbali ina ya mzinda, m'mwamba mwa mdadada wa nyumba zosanjikizana, ndipo tsiku lililonse ndinkakwera matatu awiri popita, awiri pobwera. Matatu ndi minibasi za kumeneko, koma musayerekeze ndi zathuzi, zija zinkaliza nyimbo mpaka mabatani a shati kumasuka okha, kondakitala ali lende pakhomo ndi chala chimodzi akuitana okwera kuti "Beba! Beba!", ndipo mukafika pa mzere wa magalimoto wa msewu wa Rongai ndiye munkaiwala kuti kuyenda n'chiyani. Tsiku lina ndinalavula njere ya papaya pa windo, ndipo matatu athu asanasunthe njere ija inamera, mtengo unakula, unabereka, tinathyola mapapaya akupsa, kondakitala n'kuyamba kutigulitsa zipatso za mtengo wanga womwe. Mphezi indiwombe ngati ndikuwonjezera.

Koma tinkakhala bwino, anthuni. M'mawa wa mwezi wa July chifunga chinkatsika kuchokera ku mapiri a Ngong n'kulowa mpaka m'masokosi, Nabanda atadzuka kale, akuthirira nkhwani ndi chisoso zimene anadzala m'zitini pakhonde. Chiswahili chawo chinali Chichewa chovala jekete, koma amayi a pamsika ankawamva, ndipo ankawatcha Mama Malawi. Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi tinkakumana Amalawi tonse kwa banja lina ku Kasarani, akuluakulu a m'maofesi ndi ana a sukulu za ukachenjede pamphasa imodzi, ndipo aliyense wochokera kumudzi ankatsegula sutikesi pakati pa anthu, fungo la usipa n'kuti gu m'nyumba monse, azibambo a matayi n'kuyamba kupukuta m'maso. Tinkayimba nyimbo za kwathu mpaka mawu kusasa. Ambiri a iwo anatisiya tsopano.

Zaka zinapita choncho, ine ndikunyambita miyala ya mayiko onse a mu Africa, a Dokotala akulemba. Kenako kunabwera mzungu wina, pulofesa wa ndevu zofiira zofika pa lamba, amene tinkangomutcha a Ndevu. Anabwera ndi bokosi lakuda, kukula kwake ngati katoni ya sopo, lokhala ndi diso limodzi la galasi kutsogolo. Dzina lake lenileni ndi sipekitiromita, koma poti dzinalo linkatipweteka nsagwada tinkangoti Chidiso.

A Dokotala ndi amene anandifotokozera ntchito yake, ndipo mumvetsere bwino apa chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kuwala kwa dzuwa kumene timakuona koyera kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza mkati mwake, kuphatikizapo ina yoti maso athu saiona. Kukagwera pa mwala, mwalawo umameza mitundu ina n'kubweza ina, ndipo mwala uliwonse uli ndi kamezedwe kakekake, monga mmene munthu aliyense alili ndi chidindo cha chala chake. Tsono Chidiso chinkalandira kuwala kobwererako, n'kukumwaza ngati utawaleza, n'kuona pamene paperewera, kenako pa kompyuta pankatuluka mzere wokwera ndi kutsika ngati msewu wa paphiri la Zomba, ndipo wodziwa kuwerenga mzerewo ankatchula dzina la mwala osaukhudza n'komwe. Anzawo a a Ndevu kutsidya kwa nyanja ankapanga kagalimoto kopanda dalaivala koti akakatsitse pa Mars, kakafufuze ngati kunakhalako madzi kalekale, ndipo kagalimotoko kankayenera kunyamula mng'ono wake wa Chidiso. Kwathu anabwera kudzachiyesa pa miyala ya ku Magadi, nyanja ina ya kumwera kwa Nairobi, chifukwa ankati dziko la kumeneko likufanana ndi la Mars.

Ine ndinkaombera m'manja pamodzi ndi anzanga, osadziwa kuti ndikuombera maliro anga. Tsiku lomwelo masana a Dokotala anandiitanira mu ofesi, anatseka chitseko, ndipo koyamba chiwadziwireni anakhala pansi.

"A Kachingwe," anatero, "akuluakulu akuti Chidiso chikapambana mayeso, chitsala konkuno. Akuti sangasunge malilime awiri."

Ulendo wobwerera ku Rongai tsiku limenelo sindinamve nyimbo iliyonse. Ndinkangoganiza za Tiyamike, mwana wathu woyamba, amene anali atatsala pang'ono kulemba mayeso, ndi mmene ndikatsikire basi pa Zomba, munthu wamkulu wochotsedwa ntchito ndi katoni. Ndinawapeza Nabanda akukanda ufa wa chapati, ndinawauza zonse. Sanasiye kukanda.

"Bokosilo lili ndi ana a sukulu?" anandifunsa.

"Ayi."

"Ndiye silingakuposeni. Lilibe chifukwa. Kasambeni m'manja."

Tsiku la mayeso a Chidiso tinatsetsereka ndi galimoto ya ofesi kudutsa Rongai, kudutsa Kiserian, kutsika, kutsikabe, mpaka pamene dziko limathera n'kuyamba ng'anjo. Inu mumati ku Nsanje kumatentha? Ku Nsanje anthu a ku Magadi amapitako kukapuma atavala majuzi. Kumene kuja nyanja yonse ndi chidulo chouma, choyera mbee mpaka kumalekezero a maso, mthunzi wako umakuthawa n'kukabisala pansi pa galimoto, mbalame zimauluka ndi phiko limodzi linalo zikudzikupiza nalo, ndipo mawu ukangowatulutsa amauma n'kugwa pansi ngati makoko a mtedza, moti kuti timvane tinkachita kuwatola, kuwaviika m'kapu ya madzi, n'kutchera khutu. Mukumva?

Anayala lona, nandandalika miyala. Chidiso chiziyang'ana, ine ndizinyambita, a Dokotala azilemba mayankho. Chilungamo ndinene, bokosi lija silinali lopusa. Mwala woyamba tinagwirizana, wachiwiri tinagwirizana, mpaka dzuwa kufika pamutu tikungoyenda limodzi ngati ng'ombe za pangolo. Ndiye a Ndevu anatulutsa m'thumba mwala wina wotuwa, wosaoneka bwino. Chidiso chinayang'ana, chinaganiza, n'kulemba kuti ndi mchere ndi chidulo, basi. Ine ndinanyambita kamodzi, ndinatembenuza, ndinanyambitanso, n'kunena kuti pamwambapa ndi mchere ndithu, koma mkatimu munali matope a m'madzi ofunda, ndipo munagona nsomba, yaikazi, imene inafa ndi chisoni nyanja itayamba kuphwa. A Ndevu anaseka mpaka ndevu kugwedera, anatenga hamala, anamenya, mwala unagawika pakati, ndipo minga ya nsomba inali poteropo, yonse, mutu ndi mchira, kukamwa kutakhota ngati munthu wolira. Nthawi imeneyo Chidiso chinali chitatenthedwa, chikulemba zopanda mutu, akuchifunditsa ambulera ndi kuchikupiza ndi chipewa ngati mfumu yakomoka.

Ndinkayesa nkhani yatha. Koma a Ndevu anapukuta thukuta nandiyang'ana.

"Mzee, lero wapambana," anatero, a Dokotala akumasulira (Mzee kumeneko ndiye kuti mdala). "Koma Chidiso chikhoza kukwera roketi. Chikhoza kuwerenga mwala uli kutali, chifukwa kuwala kumachibweretsera uthenga. Iwe lilime lako limafika pati? Pa chibwano. Tsiku limene udzanyambite Mars, ntchito ndi yako mpaka ukalambe."

Iye ananena moseka. Ine ndinamva ngati pangano, ndipo mawu amenewo ndinawatola, ndinawaika m'thumba la shati osawaviika.

Tikukwera mtunda kubwerera, ndinayamba kuganiza. Ngati kuwala kumanyamula uthenga wa mwala kukapereka kwa diso la galasi, ndiye kuti kumanyamulira aliyense amene akudikira. Kuwala sikusankha khomo. Vuto ndi loti palibe anayesapo kukudikira ndi lilime.

M'mawa mwake ndinathira mchere m'sosala, ndinaika pa windo, ndinakhala patali ngati utali wa chala, lilime lili panja. Palibe chinachitika. Sabata yathunthu palibe chinachitika kupatula ntchentche, ndipo mayi woyandikana nafe anawatengera pambali Nabanda n'kuwafunsa ngati bambo analumidwa ndi galu. Koma tsiku lachisanu ndi chitatu dzuwa litangoti tswa pa sosala paja, ndinamva kamchere kakutera pa nsonga ya lilime, pang'onong'ono ngati phazi la udzudzu. Ndinakuwa mpaka ana kudzuka. Kuchokera apo ndinkasuntha tsiku ndi tsiku, kuchoka pa windo kufika pakhomo, kuchoka pakhomo kufika pansi pa masitepe, kenako kutsidya kwa msewu, mpaka ndinafika poti ndili kumpando wakumbuyo kwa matatu ndinalawa dzino la golide la kondakitala wina atangoyasamula, n'kumuuza mwaulemu kuti anamunamiza, ndi mkuwa wa mpope wa madzi, ndipo anatsika nthawi yomweyo kukasaka amene anamuika, ife n'kuyenda ulere. M'mawa wina kutayera bwino ndinalawa chipale cha pamwamba pa Kilimanjaro, mano anachita dzanzi masiku atatu.

Koma limene sindidzaiwala ndi tsiku lina tili pa mzere uja wa magalimoto. Kum'mwera kunali mtambo umodzi wautali, woyera, ndipo ndinangoti ndiuyese. Kuwala kumene kunali pa mtambowo kunali kutachokera kutali, kutagunda pansi n'kunjanja, ndipo kutangondikhudza ndinamva dothi lofiira la ku Mulanje mvula yoyamba itangogwa, ndi utsi wa mkungudza, ndi mwala wa pamtsinje pamene mayi anga ankachapira. Ndinalira, anthuni, munthu wa imvi, pakati pa alendo, lilime lili panja. Mayi wina wa Chikikuyu anandipatsa kansalu kake nati, "Pole, Mzee," ndiko kuti pepani bambo, osandifunsa kanthu. Apo ndinadziwa kuti ndakonzeka.

Inali nyengo ija imene wailesi zinkalengeza kuti Mars wayandikira dziko lathu, kuti dzuwa likangolowa iye akutuluka kum'mawa, wofiira ngati khala. Ndinapita kwa a Ndevu n'kuwauza kuti Loweruka madzulo abwere ku Rongai ndi kope lawo. Anabwera, mwina pofuna kudzaseka. A Dokotala anabwera, Amalawi a ku Kasarani anadzaza matatu athunthu, oyandikana nawo anakwera, wootcha chimanga wa pa siteji anasamutsira mbaula yake padenga pathu, moti nyumba yonse inatitimira pansi ndi njerwa ziwiri.

Ine tsiku lonselo sindinadye kanthu, lilime ndinalikulunga m'kansalu konyowa, ndipo kuyambira masana Nabanda anali atandimanga m'maso ndi chitenje, chifukwa maso amabera lilime mphamvu. Chisisira chitagwa anandigwira dzanja n'kundikweza masitepe, limodzilimodzi. Ndinkamva anthu akunong'ona. Tili pamwamba, Nabanda anaima kumbuyo kwanga, anandigwira mutu ndi manja awiri, manja onunkhira anyezi, anautembenuzira uku, anaukweza pang'ono, anaima kanthawi, n'kuutembenuzanso.

"Ndi uyo, bambo a Tiyamike," anandinong'oneza. "Musaope. Tulutsani."

Ndinatulutsa. Poyamba kunali zii. Kenako kuwala kuja kunaligwira lilime ngati mbedza n'kuyamba kulikoka, linatalika ngati lamba, linatalika ngati chingwe choyanikira zovala, linadutsa pamwamba pa madenga a Rongai, agalu onse akuuwa, ndege ina imene inkatsika inachita kulambalala, woyendetsa akutukwana pa windo, ine zidendene zitanyamuka, Nabanda atandikoka lamba kuti ndisapite, azimayi a ku Kasarani atayambitsa nyimbo ya maliro, ndiye mwadzidzidzi chinthu chinanditera m'kamwa, cholemera, chowawasa, ngati wanyambita khasu limene lagona panja zaka khumi.

"Dzimbiri!" ndinakuwa, ngakhale polankhula lilime lili panja mawu ankatuluka opindika. "Chitsulo chadzimbiri, chambirimbiri!"

Ndinamva pensulo ya a Ndevu ikuthamanga papepala. Kenako kunabwera kukoma kwina, kochokera m'mbali.

"Mchere! Mchere wowawa, wa madzi amene anaphwa!"

Ndiye chomaliza, anthuni, tinthu ting'onoting'ono, tozungulira, tozizira, tikugwera pa lilime kamodzikamodzi.

"Timiyala tozungulira ngati nzama! Tinapangika m'madzi! Madzi analiko! M'chigwa chosalala, cha kumanzereku!"

Nditanena zimenezo lilime linabwerera ngati legeni, linandimenya kukhosi, ndinagwa chagada. Ndinatsitsimuka ndili pa mphasa m'nyumba, a Ndevu atagwada pambali panga, chipewa chili m'manja, akungoti "Mzee, Mzee." Lilime linatupa mwezi wathunthu, sindinkatha kulankhula, ndinkangomwa phala, ndipo Nabanda ankati mwezi umenewo ndi umene unali wamtendere kuposa yonse m'banja lathu.

A Ndevu anaimba foni kutsidya. Kagalimoto kaja kanali kale m'njira, ndiye anakakhotetsera kumanzere. Panapita miyezi, ine ndikupitabe ku ntchito ngati munthu wodikira chigamulo, mpaka m'mawa wina ndinamva nsapato za a Dokotala zikubwera m'khonde mothamanga kuposa masiku onse. Anaponya chithunzi patebulo panga. Dothi lofiira, chigwa chosalala, ndipo ponseponse timiyala tozungulira, mbwee, ngati wina wakhuthula dengu la nzama. Mng'ono wake wa Chidiso anali atatiyang'ana kale n'kutumiza mzere wake: chitsulo chadzimbiri, cha mtundu umene umapangika m'madzi. Mchere nawo anaupeza. A Dokotala, mayi amene sankagwira munthu dzanja kawiri, anandikumbatira mpaka magalasi awo kugwa.

Ntchito sinathe. Manyuzipepala analemba za makina ndi za aphunzitsi akuluakulu, dzina langa silinatuluke, koma Tiyamike analemba mayeso ake, mng'ono wake nayenso, ndipo ine ndi Chidiso tinagwira ntchito tebulo limodzi mpaka tsiku langa lopuma. Tinazolowerana. Chinali chinthu chofatsa, chosadya miseche, ndipo chikakayika a Dokotala ankabwera ndi mwala kwa ine mwakachetechete kuti chisachite manyazi.

Tsono pali mbali ina imene sindikonda kuikamba, koma poti lero ndayamba, ndimalize.

Titabwerera kuno, patapita zaka, Nabanda anayamba kudwala shuga. Tsiku lina masana tinali pakhonde, iwo atagona pa mphasa, ine ndikusimbira mlendo wina nkhani yomweyi. Mlendo atapita ndinamva akuseka, kuseka kwa munthu wopanda mphamvu, phewa lokha likugwedera.

"Mwaseka chiyani, mayi?"

"Bambo a Tiyamike, khalani pansi apa. Ndisapite nazo."

Ndinakhala.

"Tsiku lija kunali mitambo," anatero. "Kum'mawa konse kunali bii. Mars wanuyo sanaoneke ngakhale pang'ono."

"Nanga chimene munandilozetsa chija?"

"Nsanja ya mafoni. Ija anali atangomanga kuseri kwa msika. Inali ndi nyali yofiira pamwamba."

Ndinati mwina shuga wakwera. Ndinawakumbutsa za dzimbiri. Anati nsanjayo inali yachitsulo, nanga ndinkafuna ikome ngati chiyani. Ndinawakumbutsa za mchere. Anati linali thukuta langa lomwe, linkatsika m'chitenje muja ngati mtsinje, chifukwa ndinkanjenjemera ngati mbuzi ya pa Khirisimasi. Ndinati nanga timiyala tozungulira tija, tozizira tija? Anati mvula inali itayamba kuwaza.

"Anthu onse aja osaona?"

"Ndani akanayang'ana kumwamba, inu mutatulutsa chinthu ngati chija? Aliyense maso anali pa lilime. Mzungu uja anachita kuwalitsirapo tochi. A Dokotala okha ndi amene anakweza mutu. Tinayang'anana, iwo n'kubweza maso pa kope lawo."

Kenako ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze pomwepo kuti tidikire tsiku lina.

"Mzungu uja ankanyamuka Lolemba," anatero. "Ndipo inu mukanamasula chitenje chija n'kuona mitambo, simukanatulutsanso lilime moyo wanu wonse. Ndinkakudziwani. Ndinangoti chofiira n'chofiira."

Anandigwira dzanja, tinaseka tonse awiri mpaka oyandikana nawo kusuzumira pa mpanda. Anatisiya chaka chomwecho, mvula isanagwe.

Ndiye ndavomera, pamaso panu nonse: ndinanyambita nsanja ya mafoni ya kuseri kwa msika wa Rongai. Lembani zimenezo ngati mukufuna. Koma mulembenso kuti anthu ophunzira anayendetsa galimoto miyezi ndi miyezi kudutsa mumdima wopanda msewu kukatsimikiza mawu a nsanja imeneyo, ndipo anakapeza zonse zili momwemo, dzimbiri, mchere, timiyala ta m'madzi, palibe chinasowa ngakhale chimodzi. Tsono mundiuze, inu odziwa zambiri, mkazi woti n'kuloza nsanja n'kulasa Mars munamuonapo kuti? Ine ndinakhala naye nyumba imodzi zaka zonse zija, ndikuyesa katswiri ndine.